Musanakweze boost pa Subaru yanu, werengani izi

Sabata siyitha osalandira foni kapena mlendo pagaraja wa funso lomwelija: "Achimwene, ndagula WRX, ndikufuna izikoka kwambiri. Ndiyambire pati?" Ena amafika atagula kale turbo yaikulu pa intaneti, ili m'katoni m'buti. Enanso amafika galimoto ikukokedwa, pisitoni itasweka kale. Ndayankha pakamwa kambirimbiri, ndipo munthu akachoka ndimakumbukira kuti pali china chofunika chimene sindinamuuze. Ndiye ndalemba zonse pano kamodzi.

Ndikamba za Subaru za injini ya EJ, makamaka Impreza WRX ndi WRX STI za pakati pa 2001 ndi 2007, chifukwa ndi zimene ndazitsegula kwambiri, ndiponso zambiri zimatipeza kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam. Wa Forester ya turbo apindulanso. Wa Golf GTI kapena Lancer Evolution atenge mfundo zokha, manambala asatenge.

Tiyambe tagwirizana mawu, chifukwa pamenepa ndi pamene anthu amasocherera. Turbo ndi kachipupiza kozunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, kamene kamakankhira mpweya wambiri m'masilinda. Kukankha kumeneko ndiye boost, ndipo timayeza mu bar kapena psi. Bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 psi. Wastegate ndi kachitseko kamene kamatsegukira utsi wina kuti ulambalale turbo, boost isapyole malire. Map ndi manambala a mu kompyuta ya injini, ija timati ECU, owuza injini mafuta oti ithire, nthawi yoti pulagi ithetheke, ndi boost yoti ifike.

Liwu lovuta ndi knock. Kwathu kuno tikati "injini yanoka" timatanthauza kuti yafa, mabering'i atha, ikugogoda ngati m'kati muli hamala. Anthu okonza map akati knock amatanthauza china: petulo amene waphulika yekha mu silinda m'malo moyaka mwadongosolo kuchokera pa pulagi. Kuphulikako kumamenya pisitoni pamutu. Pa galimoto yakale yopanda turbo mumakumva pokwera chitunda, ngati timiyala m'chitini. Pa Subaru imene ili pa boost, ekizozi ikubangula, khutu silimva chilichonse. Mumadzadziwa mapeto ake okha, pamene kakhoma kopyapyala ka pakati pa maring'i a pisitoni, kotchedwa ringland, kasweka, injini yayamba kumwa oyilo ndi kufuka. Ndondomeko yonseyi ndayiyala kuti muthe kuona knock imeneyi isanakuphereni injini.

1. Dziwani injini imene muli nayo

Tsegulani boneti, pezani kachitsulo kolembedwa nambala ya galimoto ndi mtundu wa injini. EJ205 ndi ya malita 2.0 ya mu WRX wamba, ili ndi turbo yaing'ono ya Mitsubishi yotchedwa TD04, ndipo kufakitale boost yake imafika cha m'ma 0.9 bar. EJ207 ndi ya mu STI, yolimba kuposa inzake, ya turbo ya IHI. Ya ku Japan inkalembedwa kuti ili ndi mphamvu ya 280 PS (horsepower), pamene WRX ya konko inali ndi 250 PS. EJ255 ndi EJ257 ndi za malita 2.5, zokoka bwino injini isanathamange kwambiri, koma ndizonso zimene mapisitoni ake sachedwa kusweka pakakhala knock.

Kenako fufuzani ngati mwini wake woyamba anasinthapo zinthu. Yang'anani pansi pa dashibodi ngati pali kabokosi kowongolera boost, mawaya odulidwa n'kulumikizidwanso, kapena timapaipi ta rabara tosakhala ta kufakitale pafupi ndi turbo. Galimoto yambiri imafika itachotsedwa zida zodula isanagulitsidwe, koma map ili yomweyo ya zida zimene kulibenso.

2. Yezani thanzi la injini musanagule chilichonse

Apa palibe chosangalatsa, n'chifukwa chake ambiri amadumpha. Injini ya zaka 20 imene ikuyenda bwino pa mphamvu ya kufakitale ikhoza kukhala kuti yatsala pang'ono, ndipo boost yowonjezera imangofulumizitsa tsikulo.

Yezani compression, mmene silinda ikufinyira mpweya, pa masilinda onse 4, injini ili yotentha. Chofunika kwambiri ndi kufanana kwa manambala: asasiyane kupyola 10 peresenti. Ngati imodzi yatsika, ndipo kawirikawiri imakhala ya nambala 4, chitani leak-down test, ija yopopera mpweya mu silinda n'kumvetsera kumene ukuthawira. Ukamveka pothirira oyilo, vuto ndi maring'i kapena ringland. Ukamveka ku ekizozi, ndi mavavu. Mukaona thovu mu radiyeta, ndi head gasket. Chimodzi mwa izi chikapezeka, nkhani ya mphamvu yaima kaye.

Lamba wa timing amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo ngati mulibe umboni woti anasinthidwa, musintheni pamodzi ndi mapule ake, tensioner ndi pampu ya madzi. Pa injini imeneyi lamba akaduka, mavavu amawombana ndi mapisitoni. Yang'anani thanki ya pulasitiki ya pamwamba pa radiyeta, imang'aluka ikakalamba. Gwedezani shafiti ya turbo ndi zala: kusuntha pang'ono cham'mbali n'kwabwinobwino, koma ikamasuntha kutsogolo ndi kumbuyo, kapena mapiko akamakhudza khoma, turbo yatha.

Pali tinthu tiwiri tobisika timene ndimati aliyense aone. Koyamba ndi kasefa kakang'ono ka mu bawuti imene oyilo amadutsamo popita ku turbo, pa injini zambiri za 2.5 ndi zina zokhala ndi AVCS, njira yosinthira nthawi imene mavavu amatseguka. Kakatsekeka ndi litsiro, turbo imauma n'kufa. Kachiwiri ndi paipi yoyamwira oyilo mu sampu, imene pa injini za 2.5 imadziwika kuti imang'aluka pa weledi. Ikang'aluka pampu imayamwa mpweya, ndipo apo ndiye injini imanoka m'tanthauzo lathu lija.

3. Sakani pamene mpweya ukuthawira

Subaru imawerenga mpweya wolowa ndi sensa ya MAF, imene ili kuseri kwa fyuluta. ECU imathira mafuta molingana ndi zimene sensayi yanena. Paipi ya rabara yochoka pamenepo kupita ku turbo imadutsa pansi pa manifodi, imafewa ndi oyilo, n'kung'ambika kunsi kumene maso safika. Mpweya wolowera pong'ambikapo sunawerengedwe, ndiye mafuta amaperewera. Kubooka kukakhala pamene mpweya wadutsa kale turbo, pa mapaipi a intercooler (choziziritsa mpweya wochoka ku turbo), mpweya wowerengedwa kale umathawa, mafuta amachuluka, ndipo turbo imadzipha kuzungulira kuti ifike boost yofunidwa.

Tsekani polowera mpweya ndi chivindikiro chokhala ndi vavu ya tayala, chotsani chotsekera pothirira oyilo, popani pang'onopang'ono osapyola 0.7 bar, kenako wazani madzi a sopo pa mfundo iliyonse. Pamene patuluke thovu, konzani. Map yokonzedwa pa galimoto yobooka imasanduka yolakwika tsiku limene makaniko wina adzamange kalampu ija.

4. Mabuleki ndi matayala

Apa sindichulutsa mawu. Mapadi abwino, madisiki osapindika, ndi mafuta a mabuleki atsopano a DOT 4 kapena DOT 5.1. DOT 4 watsopano sawira asanafike madigiri 230, DOT 5.1 madigiri 260, koma onse amayamwa chinyontho akakhalitsa, ndiye asintheni zaka 2 zilizonse. DOT 5 wopanda .1 ndi wa mtundu wina, musathire. Amene anatsikapo Golomoti kapena Chiweta mabuleki atatentha akudziwa mmene pedulo imafewera. Matayala onse 4 akhale a saizi imodzi, mtundu umodzi, otha mofanana, chifukwa galimotoyi imakoka ndi mawilo onse ndipo kusiyana kwa matayala kumaononga difu ya pakati.

5. Gulani maso musanagule mphamvu

Ndalama yanu yoyamba ipite pa zinthu zitatu. Geji ya boost. Geji ya wideband, yokhala ndi sensa yakeyake yomangidwa pa downpipe (paipi ya utsi yochoka ku turbo), imene imakuuzani ngati mafuta akukwanira mpweya. Sensa ya kufakitale imawerenga bwino poyenda pang'onopang'ono, koma pa boost, pamene mukuifunitsitsa, siyodalirika. Chachitatu ndi chingwe cholumikizira laputopu ku soketi ya OBD. Ambiri timagwiritsa ntchito Tactrix OpenPort 2.0 ndi mapulogalamu aulere a RomRaider ndi EcuFlash. Musanagule kachipangizo kalikonse kobwera ndi map zake kale, funsani ngati kamagwira pa ECU ya galimoto ya ku Japan, chifukwa zina zinapangidwira za ku America zokha.

6. Lembani zimene injini ikuchita pa petulo amene mumamwetsa

Gawo ili ndi limene malangizo ambiri amangolidutsa, ndipo kwa ife ndi limene limasiyanitsa galimoto yokhalitsa ndi ya miyezi itatu. Malangizo a pa intaneti analembedwa ndi anthu amene petulo wawo ndi yemweyemweyo chaka chonse. Ife sitili choncho.

WRX ndi STI za ku Japan zinakonzedwera petulo wa konko wa octane yokwera, wa pakati pa 98 ndi 100 RON. Octane ndi mphamvu ya petulo yopirira kufinyidwa ndi kutentha osaphulika yekha. Ku South Africa pampu imalembedwa 93 kapena 95. Galimoto ikatsika m'sitima n'kumwa petulo wotsikirapo, imakhala ikulimbana ndi knock musanakhudze bawuti ngakhale imodzi. ECU imadziteteza pochedwetsa moto, koma ili ndi polekezera.

Onjezani kuti petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayamba ku Dwangwa mu 1982. Ethanol payekha ndi bwenzi la injini ya turbo, chifukwa amakweza octane ndi kuziziritsa mpweya. Koma amafuna kuthiridwa wochulukirapo: petulo weniweni amapsa bwino pa magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, pamene wokhala ndi ethanol 10 peresenti amafuna pafupifupi 14.1. Mlingo wa ethanol ukasintha, zofuna za injini zimasinthanso.

Ndiye pali mafuta a m'zigubu. Mafuta akasowa, mizere itatalika, tonse timayesedwa kugula pamsewu. Simudziwa kuti chigubucho chakhala padzuwa masiku angati, kapena ngati wina wathiramo parafini kuti achuluke. Parafini amagwetsa octane koopsa. Injini ina imene ndinaitsegula inali yokonzedwa bwino, map yake yabwino, koma mwini wake anathira malita 20 a m'chigubu paulendo n'kuponda moto kupitirira lole pachitunda. Pisitoni ya nambala 4 inatuluka ringland itathetheka. Mukakakamizika kuthira mafuta otere, yendani ngati mwanyamula mazira, singano ya boost isadutse ziro, mpaka thanki imeneyo ithe ndi ina yabwino ilowe.

Tsopano kalembedwe kake. Timati kutenga log, kutanthauza kuti laputopu ikulemba manambala a injini pamene ikugwira ntchito. Mu RomRaider sankhani izi: liwiro la injini, boost, kutseguka kwa throttle, kutentha kwa mpweya wolowa ndi kwa madzi, nthawi ya moto, injector duty (gawo la nthawi limene ma injector othira mafuta amakhala otsegula), wideband, ndi manambala atatu a knock amene ndi IAM, Feedback Knock Correction ndi Fine Learning Knock Correction. Musasankhe zambirimbiri, chifukwa zikachuluka laputopu imalemba mwapatalipatali ndipo knock ya kanthawi kochepa imakudutsani.

Malo abwino ndi pa dyno, makina oyezera mphamvu galimoto itamangidwa pamalo amodzi, ndipo ikhale dyno ya mawilo 4. Ngati palibe pafupi, pezani msewu wotsekedwa kapena bwalo limene mwapatsidwa chilolezo. Misewu yathu ili ndi a kabaza, ana a sukulu, mbuzi ndi ngolo, ndipo giya 3 ikamatha mumakhala muli pa liwiro loti simungaime. Mukhale awiri, wina aziyendetsa maso ali kutsogolo, wina agwire laputopu ndi kuyang'ana wideband. Injini itenthe kaye. Ikani giya 3, yambirani pa 2,500 rpm, pondani mpaka pansi, siyani cha m'ma 6,000 rpm. Wogwira laputopu akati "siyani", siyani pomwepo osafunsa.

Powerenga, yambani ndi IAM. Imeneyi ndi nambala yosonyeza mmene ECU ikukhulupirira petulo wanu. Pa ECU zakale imafika 16, pa zatsopanopo imafika 1.0. Ikakhala pamwamba penipeni, ECU ndi yokhutira. Ikatsika n'kukhala pa 8 kapena 0.5, ECU yamva knock yambiri ndipo yabweza moto paliponse. Galimoto yotere ikukuuzani kuti ngakhale mphamvu ya kufakitale yaichulukira pa petulo ameneyu. Kuikweza boost n'kuikankhira kuphompho.

Feedback Knock Correction ndi kubweza moto kwa nthawi yomweyo, sensa ikamva kugogoda. Fine Learning ndi zimene ECU yaloweza, malo amene knock imabwererabwerera. Digiri 1 kapena 2 yochotsedwa kamodzikamodzi poyenda pang'onopang'ono kapena posintha giya isakusowetseni tulo. Koma mukaona madigiri 4 kapena kuposa akuchotsedwa mutaponda mpaka pansi, pa rpm yomweyomweyo ulendo uliwonse, imeneyo ndi knock yeniyeni. Dziwaninso kuti sensa ya knock ndi khutu chabe. Chitsulo chotchinga kutentha chikamasuka n'kumalira, kapena sensa yomweyo ikang'aluka, imanena zabodza. Njira yosiyanitsira ndi iyi: knock yeniyeni imachepa mukathira petulo wabwinopo kapena mukatsitsa boost, yabodza siyisintha.

Wideband nayo: poyenda wamba iwerenge pafupi ndi 14.7. Pa boost yonse itsike kufika pakati pa 11.0 ndi 11.8, imene ndi lambda 0.75 mpaka 0.80 (pa muyeso wa lambda, 1.0 ndi pamene mafuta ndi mpweya zakwanirana ndendende). Ikamawerenga 12.5 kapena kuposa boost ili pamwamba, chotsani phazi. Ine ndimakonda geji iikidwe pa lambda, chifukwa nambala imeneyo tanthauzo lake silisintha kaya ethanol wachuluka kapena wachepa. Injector duty ikamadutsa 90 peresenti, ma injector atsala pang'ono kukhala otsegula nthawi yonse, ndipo alibenso mafuta ena oti apereke.

Log imodzi ya m'mawa kozizira siyikwanira. Intercooler ya Subaru ili pamwamba pa injini, imapuma kudzera pa kamwa la pa boneti. Galimoto ikaima pamzere kapena ikamakwawa mumsewu wa Chipembere madzulo, mpweya sulowa, ndipo intercooler imawotchedwa ndi injini ya pansi pake. Mukaponda moto mukangochoka pamenepo, masilinda amalandira mpweya wotentha, ndipo knock imabwera msanga. N'chifukwa chake STI inaikidwa kopopera madzi pa intercooler. Ndiye tengani log ina masana, galimoto itaima ikulira mphindi 10. Tenganinso pa petulo wa malo omwetsera osiyanasiyana, thanki iliyonse log yake. Zimenezi zimatenga masabata, ndipo ndikudziwa kuti mtima umakhala uli pa turbo ija ili m'katoni. Koma nambala yoipitsitsa imene mwaipeza m'masabata amenewa ndi imene map yanu iyenera kupirira.

Chenjezo limodzi: musachotse batire kapena kufufuta ECU musanatenge log. Zimene inaloweza zimafufutika, Fine Learning imabwerera pa ziro, ndipo galimoto yodwala imaoneka yabwino kwa masiku angapo.

Pali nkhani ya kukwera kwa malo, imene anzathu opititsa galimoto ku Johannesburg kukakonzetsa map saiganizira. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mpweya wa kunja umakhala cha m'ma 0.82 bar. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050, mpweya cha m'ma 0.9 bar. Chikwawa ndi Nsanje zili m'munsi kwambiri, mpweya pafupifupi 1.0 bar. Geji yanu imawerenga zoposera mpweya wa kunja zokha. Ikamawerenga 1.1 ku Johannesburg, masilinda akulandira 1.92 bar. Ikamawerenga 1.1 yomweyo mutatsika ku Thabwa, akulandira 2.1 bar, ndipo ngati ndi mu October, kutentha kwadutsa madigiri 40. Map imene inali m'malire kumtunda kozizira, pa petulo wa 95, kuchigwa yawapyola kale.

7. Zida, m'dongosolo lake

Log ikakhala yoyera, IAM ili pamwamba, apa ndiye mutha kutulutsa chikwama.

Yambani ndi pampu ya mafuta ya mu thanki. Ya zaka 20 yatopa, ndipo ya malita 255 pa ola, monga Walbro 255, imakwana pa msinkhu umenewu. Sinthaninso fyuluta ya mafuta. Mapulagi akhale ozizirapo ndi sitepe imodzi, kuchoka pa 6 kupita pa 7 m'manambala a NGK, mpata wake 0.7 mm. Gulani kwa wogulitsa wodalirika, chifukwa abodza ali mbwee, ndipo nsonga ya pulagi yabodza ikasungunuka imagwera mu silinda.

Mphamvu yeniyeni yoyamba imachokera ku downpipe, paipi yochoka kumbuyo kwa turbo. Yotakasuka imalola utsi kutuluka msanga, turbo imadzuka msanga. Ine ndimalangiza yokhala ndi catalytic converter (choyeretsa utsi) yopumira bwino, osati yopanda kanthu. Yopanda kanthu imanunkhitsa amene ali kumbuyo kwanu, ndipo imabweretsa boost creep, pamene wastegate yatseguka yonse koma boost ikungokwerabe. WRX zina zili ndi catalytic converter ina mu up-pipe, utsi usanafike ku turbo. Imeneyo ikakalamba imagumuka, zidutswa n'kulowa m'mapiko a turbo, ndiye isintheni.

Mukamanga downpipe, musapondenso boost mpaka map itakonzedwa. Pitani nayo kwa wokonza map mwaulemu, ngati mukuperekeza mkwatibwi.

Zinthu zitatu zimene achinyamata amathamangira, ine ndimaletsa. Fyuluta ya chisoti yoonekera mu injini imayamwa mpweya wotentha, imasokoneza kawerengedwe ka MAF, ndipo ya oyilo ija pa fumbi lathu imadetsa sensa. Bokosi la kufakitale ndi fyuluta ya pepala yatsopano n'zokwanira pa mphamvu imeneyi. Blow-off valve yotayira mpweya kunja, ija imalira "tshuu" posintha giya, imataya mpweya umene ECU yauwerengera kale mafuta, ndiye injini imamira ndi petulo, nthawi zina n'kuzima pamphambano. Siyiwonjezera mphamvu ngakhale pang'ono. Chachitatu, choopsa kuposa zonse, ndi kavavu kotembenuza ndi dzanja kokwezera boost. Kamakweza mpweya ECU isakudziwa kuti ichite nawo chiyani. Ngati mukufuna boost yowongoleredwa bwino, gulani solenoid (vavu ya magetsi) ya mapaipi 3, wokonza map aiike mu map.

8. Kukonza map

Munthu amene mukumupatsa ECU yanu ali ndi moyo wa injini m'manja. Mufunseni mafunso musanamupatse makiyi. Kodi wakonzapo EJ zingati? Kodi adzagwiritsa ntchito wideband? Kodi adzamvetsera knock ndi chomvetsera cha m'makutu cholumikiza pa injini? Akakuuzani kuti ali ndi map yokonzeka kale yongoika mphindi 10, bwererani. Muonetseni ma log anu onse, makamaka oipa aja, ndipo ngati n'kotheka galimoto ikonzedwe ili ndi petulo amene imamwa tsiku ndi tsiku. Alipo okonza map amene amagwira ntchito patali: mumawatumizira log pa imelo, iwo amatumiza map, mumaika, mumatenganso log. Zimatheka, koma zimafuna kuti gawo 6 mukhale mwalidziwa bwino, chifukwa maso ndi makutu awo ndinu.

Musanalembe chilichonse mu ECU, koperani map ya kufakitale, muisunge malo awiri. Polemba, batire ya galimoto ikhale yodzaza, laputopu isadalire magetsi a pakhoma okha, ndipo wina asakhudze kiyi. Kulembako kukadukira pakati, ECU ikhoza kufa.

Wokonza wabwino amayamba ndi boost yotsika, n'kukonza mafuta, kenako moto, kenako kukweza boost pang'onopang'ono akuyang'ana knock. Pa TD04, ine sindidutsa 1.1 bar pakati, ndipo ndimaitsitsa injini ikamayandikira pofiira, chifukwa turbo yaing'onoyi ikafika pamenepo imangopopa mpweya wotentha wopanda phindu. Ena amapyola pamenepo, koma petulo wawo si wathu. Muuzeni asakupatseni kukoka konse pa rpm yotsika, chifukwa kumenya kwa pa 2,500 rpm ndi kumene kumapinda marodi ndi kuswa mano a giyabokosi ya magiya 5 ya WRX. Ya magiya 6 ya STI ndi yolimba kwambiri, koma klatchi yokha idzayamba kuterereka.

Zitetezo zitatu asazichotse zivute zitani: kudula mafuta boost ikapyola malire, kumvera kwa sensa ya knock, ndi manambala obweza moto kapena boost mpweya ukatentha kapena malo akasintha kukwera. Wina akati wazimitsa nyali ya check engine kuti isakuvuteni, mufunseni wazimitsa makodi ati, ndipo chifukwa chiyani.

Pomaliza muuzeni kuti akapeza pamene knock yayambira, abwerere m'mbuyo madigiri 2 kapena 3. Mudzataya mphamvu yochepa imene thupi lanu silingaimve, ndipo mpata umenewo ndi umene udzakupulumutseni tsiku la petulo woipa.

9. Kukhala nayo

Oyilo wa synthetic wabwino, monga 5W-40, musinthe pa makilomita 5,000 aliwonse, ndipo yang'anani mlingo wake nthawi iliyonse mukamwetsa mafuta. EJ imamwako oyilo, ndipo sampu yake si yaikulu. M'mawa yendani pang'onopang'ono mphindi 10 musanalowe mu boost, chifukwa singano ya madzi imafika pakati oyilo asanatenthe. Mukathamanga kwambiri, makilomita omaliza yendani mofatsa, kapena isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse. Musaponde mpaka pansi muli mu giya 5 pa 2,000 rpm. Tsitsani giya kaye.

Kamodzi pamwezi lumikizani laputopu muone IAM ndi Fine Learning, komanso nthawi iliyonse mwamwetsa pamalo achilendo. IAM ikatsika, musaifufute n'kupitiriza. Funsani chimene chasintha: petulo, paipi yobooka, pampu, kapena pulagi.

Auzeni a inshuwalansi kuti injini mwaisintha, ndipo akulembereni kuti avomera. Mukabisa, tsiku la ngozi akhoza kukana kulipira. Ekizozi isakhale yophokosera anthu ogona, ndipo galimoto ikhale yoti ipambane COF popanda kupempha chifundo.

Za turbo yaikulu ili m'katoni ija: imeneyo imafuna ma injector aakulu, intercooler yaikulu, klatchi yolimba, map yatsopano kuyambira pachiyambi, ndipo pa EJ205, EJ255 ndi EJ257 ine sindiimanga popanda mapisitoni a forged, osulidwa kuti alimbe kuposa a kufakitale. Pa WRX muwerengerenso mtengo wa giyabokosi. Lembani mitengo ya zonsezi papepala limodzi, muwonkhetse. Ngati ndalamayo ilipo yonse, bwerani ndi manambala a compression ndi ma log a matanki atatu, tikhale pansi tione poyambira. Ngati palibe, katoniyo ikhale kaye yotseka pamalo ouma, mabowo a oyilo a turbo ali otsekedwa kuti fumbi lisalowe.